Mpira wandipulumutsira ntchito, koma mtima ukundiwawa

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 58, ndipo ndaphunzitsa za nthaka kwa zaka 26 pa koleji ina yaing'ono kuno ku Iowa. Chaka chatha ndinali ndi ophunzira asanu ndi awiri okha, mmodzi mwa iwo ankangobwera chifukwa m'kalasi mwanga mumafunda nthawi ya chisanu. Mkulu wa koleji, a Lindqvist, anandiitana n'kundiuza kuti, "Amayi, chaka chikatha titseka dipatimenti yanu. Nyongolotsi sizikopa ana."

Ndiye mu Malichi munachitika zoti sindinalotepo. Timu yathu ya basiketibolo, yomwe inkaonereredwa ndi makolo a osewera okha, inagonjetsa yunivesite ina yaikulu dziko lonse likuonera pa TV. Mnyamata wina, Darnell Pruitt, wamtali woti amawerama polowa pakhomo, anaponya mpira ali pakati pa bwalo kutatsala sekondi imodzi, n'kulowa. Atolankhani atamufunsa kalasi yomwe amaikonda, anati, "Ya dothi. Amayi aja sakalipa munthu akagona."

Aphungu, ofunsira malo pakoleji anachuluka katatu. Panopa ndili ndi ophunzira 190, moti ndikuphunzitsira m'tchalitchi cha pasukulupa. Zotseka dipatimenti zinatha. A Lindqvist omwe aja akumanditcha "chuma chathu."

Koma ine mtima ukundiwawa. Kumsonkhano wa akatswiri a nthaka ku Omaha, nditamaliza kufotokoza kafukufuku wanga wa zaka khumi, funso loyamba linali lakuti, "Kodi Darnell amavala nsapato saizi yanji?" Mayi anga ondibereka, a zaka 84, omwe sanawerengepo ndi tsamba limodzi lomwe la zimene ndimalemba, anandiimbira foni n'kuti, "Iwe, undipezere siginecha ya mwana uja."

Tsopano akufuna andijambule pa chikwangwani choitanira ophunzira, nditavala malaya a timu, dzanja lina mpira, lina chibuma cha dothi. Chonsecho ndine amene ndinatsogolera aphunzitsi kukana zomanga bwalo latsopano la masewero, ndipo anzanga sanaiwale. Ndikane, ngakhale ntchito ithe? Kapena ndivale, andiseke?

R.V.H., Ostrander Falls

Mayi R.V.H.,

Valani malayawo. Anzanuwo akusekani sabata imodzi, kenako apeza wina womuseka. Koma musanajambulidwe, a Lindqvist alembe ndi kusaina kuti dipatimenti yanu ikhalapo zaka zisanu zikubwerazi, timu ipambane kaya igonje. Panopa akukufunani. Pemphani lero, mawa adzayamba kuiwala.

Za ku Omaha zisakudwalitseni. Kale mukatchula koleji yanu ankafunsa kuti ili kuti. Yankhani za nsapatozo mwachidule, mubwerere ku nyongolotsi holo ikadali yodzaza.

Ana 190 aja anabweretsedwa ndi mpira, inde, koma mpira suwaphunzitsa kanthu. Atengeni kumunda wa chimanga, akakumbe, adetse nsapato zawo zoyerazo. Ambiri athawa. Akatsala khumi okonda nthaka, mwaposa kale chaka chatha.

Chimene chandidetsa nkhawa ine n'china. Dziko lonse lamva kuti m'kalasi mwanu anthu amagona, ndipo pamenepo mpira sunalakwe. Darnell mudzutseni. Musamuike kutsogolo, atchinga anzake. Akhale m'mbali, pafupi ndi inu, muzimufunsa mafunso. Malikisi aulere ayi. Akakhoza mayeso, mupempheni siginecha ija, mayi anu asangalale.

Chenjezo langa nali. Mnyamatayo amaliza sukulu, timu idzagonja, makamera adzapita kwina, choncho pepala la a Lindqvist mulitsekere m'kabati. Ndipo tsiku lojambula, wojambula akadzati, "Tadumphani pang'ono, Amayi," mudzakane. Inapambana ndi timu, osati mawondo anu.