Ukali wanga uli m'Chibemba

Amayi anga, kumeneko mwadzuka bwanji? Ndikhulupirira angelo mwawaphunzitsa kale kusesa bwino pabwalo. Ife kuno ku Kanyama tilipo. Mvula ya chaka chino inalowa m'nyumba osagogoda, koma ine mwana wanu ndinaikapa ndi beseni mpaka inathawira kwa aneba. Mng'ono wanga Esnati wabereka mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu ndithu, ndipo akalira amamveka mpaka ku Chawama.

Nkhani yaikulu nayi. Mkamwini wanu bashi Mwape, kutanthauza bambo a Mwape m'Chibemba chakwawo, anachoka pakhomo. Ananyamula chikwama n'kupita kwa akulu ake ku Matero, ati pakamwa panga pamatentha kuposa moto umene amawotcherera nawo zitsulo. Ine! Mayi wofatsa kuposa onse mu Lusaka muno! Masabata anadutsa, ana akufunsa za atate awo. Pamsika ndinkaseka ngati palibe kanthu, koma mtima unali m'mwamba kuti banja latha.

Ndiye ku kiliniki kunabwera anthu a kafukufuku ndi mafunso oyezera mtima wapachala, kuti munthu amapsa mtima msanga bwanji. Mafunsowo analembedwa m'Chingerezi kutali uko, iwo n'kuwamasulira m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Ankafuna odziwa zilankhulo zonse ziwiri kuti ayankhe kawiri, aone ngati mafunsowo akunena chimodzimodzi. Woyamba kusankhidwa mukumudziwa kale.

Tsiku la Chinyanja zinayenda ngati mapemphero. Kodi tinthu tating'ono timakukwiyitsani? Ayi. Mumakalipira anthu? Mwa apo ndi apo. Paja Chinyanja ndi chanu, ndi cha kukwaya, ndi cha makasitomala anga a tomato. Sabata inayo, mafunso omwewo m'Chibemba. Amayi, mtsikana wofunsayo atangotsegula pakamwa ndinaona nkhope ya mkamwini wanu, masokosi ake ali pampando, wailesi ya mpira ili pakhutu. Ndinayankha inde, inde, tsiku lililonse, mpaka ndinamenya tebulo.

Anthu aja anaima mitu, kuganiza kuti anamasulira molakwika. Anaitana odziwa Chibemba, anafufuza liwu ndi liwu, zonse zili bwinobwino. Kenako anandifunsa kuti Chibemba ndimalankhula ndi yani. Ndinaganiza, ndinaganiza, n'kupeza munthu mmodzi yekha. Chibemba ndinachiphunzirira m'banja, ndipo ndinachiphunzira pokangana. Tsopano aliyense wodzayankha, a kafukufukuwo akumufunsa funso limenelo asanayambe. Mwaona? Mwana wanu uja munkati anathawa sukulu wasintha ntchito ya kafukufuku dziko lonse lapansi!

Ndinakumbukira zija munkandiuza: “Iwe Gire, lilime lako utalipumitsa tsiku limodzi, dziko silingagwe.” Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamanga chitenje, ndinakwera minibasi ya ku Matero. Ndinagwada pamaso pa alamu, ndinapereka moni m'Chinyanja, ndipo sindinachisiye mpaka dzuwa linapendeka. Mkamwini wanu anandiyesa ndi Chibemba kangapo kuti ndiyake moto, ine phee, kumangomuyankha ngati ndikugulitsa tomato kwa abusa. Anandigwira pachipumi kuona ngati ndili ndi malungo. Pamenepo tonse tinaseka, chikwama ndinanyamula ndine.

Pano ali pakhomo, akukonza chitseko chimene madzi anachifufumitsa. Ine sindinalakwe, inunso mukuona: wolakwa ndi mphunzitsi wanga. Ndamuuza kuti zaka zonsezi anandiphunzitsa Chibemba cha ndewu chokha, tsopano andiphunzitse mawu okoma, aja amuna amauza akazi awo. Wakhala akukanda mutu chiyambire Lolemba.

Gonani bwino, Amayi, ndimakukondani kwambiri. Ndikulonjeza kuti liwu loyamba akalipeza, ndibwera kumanda ndi khasu, ndidzalambule udzu, ndidzakunong'onezeni.

Ndine mwana wanu wofatsa,
Gire