Chithunzi cha ku Chiromo

Kwa Lundu, Chikwawa
Okutobala, 1924

Wokondedwa mwana wanga Ignasio,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wako kumeneko ku Halale, pamodzi ndi apongozi anga a Priska ndi khanda limene sindinalionebe. Kaya mukudzuka bwanji? Ine kuno ndilipo, bondo lokha ndilo likuvuta. Dzuwa lakula, Shire waphwa mpaka mchenga waonekera pakati, ndipo thonje tagulitsa kale.

Kalata yako ya chipepeso inandipeza. Takhuta, zikomo, mwana wanga. Usadziimbe mlandu kuti sunafike pa maliro a amayi ako. Njira ndi yaitali. Tinawaika bwino.

Kalatayi ndapatsira Pedro, mwana wa a Paulo, amene akubwerera kuntchito kumeneko. Akupatsanso kaphukusi ka timatabwa tiwiri tomanga ndi luzi. Usakamasule ndi manja onyowa. Yamba wawerenga.

Ukukumbukira chaka chija tinapita ku Chiromo kukagulitsa thonje, iwe usanayambe sukulu? Kunali Mgowa wina, mmwenye wojambula anthu, amene anatsika m'sitima ya pamadzi ndi bokosi la miyendo itatu. Anapachika chinsalu pakhoma la sitolo, chojambulidwa nyumba ya masitepe ndi maluwa amene kuno sitinawaonepo. Ine sindinkafuna. Amayi ako ndiwo anaumirira, amvekere anthu adzaone kuti nafenso tinaimapo pakhonde la azungu, ngakhale la nsalu.

Anatiimika iwe pakati, ine kumanja, amayi ako kumanzere, aliyense dzanja paphewa pako. Mgowa uja analowetsa mutu m'nsalu yakuda n'kulamula kuti tisagwedezeke. Amayi ako anandinong'oneza kuti munthuyo akunga nkhuku yobisa mutu m'dengu, mchira uli pamtunda, ndipo anaseka okha. N'chifukwa chake pakamwa pawo sipanatuluke bwino, pali ngati kautsi. Koma maso ndi mikanda ya m'khosi zinatuluka bwinobwino.

Zaka zonsezi chithunzicho chakhala m'bokosi langa la mabuku.

Nkhani ndi iyi. Sabata yatha abale a amayi ako anasonkhana kuti andisudzule. Mwambo wa kuno ukuudziwa: mkazi akamwalira, akameta, amagwetsa nyumba, ndipo mkamwini amabwerera kwawo ndi zake zokha. Anayala mphasa panja natulutsa katundu yense. Khasu, nkhwangwa, ukonde ndi mabuku anaika mbali yanga. Mtondo, lichero, mitsuko ndi nsalu anaika mbali ya kuchikazi. Panalibe mkangano mpaka pamene anafika pa chithunzi.

Amayi ako aakulu a Clotilda anati chitenthedwe. Anati mng'ono wawo akuwabwerera kutulo chifukwa nkhope yake yatsala kunja kuno, ndipo munthu sangagone bwino pansi nkhope ili m'bokosi la Msena. Liwu loti Msenalo analitchula kawiri kuti aliyense amve. Koma nawonso akulira, ndipo ndiwo analera amayi ako.

Ine ndinapempha kuti ndipite nacho kwathu ku Nsanje. Atsibweni ako a Sebastiano anakana mwaulemu. Anati alamu, mwakhala nafe bwino, simunam'menyepo mlongo wathu, koma mbumba yathu siyenda ndi mkamwini, ingakhale ya papepala. Kenaka anagamula kuti chidulidwe, ine nditenge mbali yanga, mbali ya mlongo wawo ipite kumoto ndi mphasa imene anadwalirapo. Anthu anavomera kuti mlandu watha bwino, ndipo anabweretsa lumo lomwe lija anandimetera.

Ndinawapatsa chithunzicho m'manja. Ndinangofunsa kuti lumo lidutsa pati.

A Sebastiano anachiika pabondo. Anayesa kumanzere, napeza kuti iwe, mwana wa mbumba, upita ndi ine, dzanja la mlongo wawo lili paphewa pako lopanda mwini. Anayesa kumanja, napeza kuti iwe wamoyo upita kumoto pamodzi ndi malemu. Ataika lumo pakatikati, linakhala pamphuno pako.

A Clotilda ndiwo anakuwa. Anagwira mkono wa mlongo wawo, amvekere Sebastiano, wapenga kodi, ukufuna kundiphera mwana ali kuchilendo? Atsibweni ako anati nanga si inu nomwe achemwali mumafuna moto, motowo ukanamulumpha mwanayo? Anthu ena anaseka, ngakhale tinali pachisoni. A Clotilda anatenga chithunzicho nakhala nacho pansi. Anali asanachionepo pafupi. Patapita nthawi anangoti, taonani, ankaseka.

Chigamulo chomaliza chinali chakuti chithunzicho si changa, komanso si cha malemu. N'cha wamoyo amene ali pakati. Chisakhale m'mudzi muno, ndiponso ine ndisapite nacho. Chibwere kwa iwe chathunthu. Anandilola kukhala nacho mpaka tsiku lonyamuka Pedro.

Sindikudandaula. Agamula mwachilungamo monga mwa mwambo wawo, ndipo chapulumuka ku lumo ndi ku moto. Koma ndili ndi pempho.

Ndamva kuti ku Halale kuli ojambula ambiri, ndi kuti ena amatha kutulutsa chithunzi kuchokera pa chinzake. Ukafunse. Zikatheka, chachiwiricho chidzakhala chako, ndipo sindikudziwa mwambo woletsa mwana kupatsa bambo wake chinthu. Ndinawafunsa a Sebastiano zimenezi tili awiri. Anayang'ana kumtsinje n'kunena kuti makutu awo masiku ano sakumva bwino.

Zikakanika, usavutike mtima. Ungochisunga patali ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo usachipachike poomba dzuwa. Khandalo likadzakula udzalionetse. Udzaliuzenso chimene agogo ake ankaseka, lisadzaganize kuti wojambula ndiye analakwitsa.

Ine ndinyamuka Loweruka pa bwato la a Augustino kutsikira ku Nsanje, kwa mng'ono wanga. Makalata uzilembera kumishoni ya kumeneko, adzandipeza. M'mawa uno ndachiyang'ana komaliza ndisanamange luzi. Ndikatsinzina ndikuchionabe chonse, ngakhale masitepe aja. Koma mutu wa nkhalamba susunga zinthu nthawi yaitali, ndiye usachedwe kukafunsa.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, ndipo khandalo ulinyamule m'malo mwanga. Moni kwa onse a ku Chikwawa amene umakumana nawo kumeneko. A Sebastiano akupereka moni. A Clotilda akuti uzivala zofunda, amva kuti dziko limenelo n'lozizira.

Mulungu akusunge pantchito yako ndi pakhomo pako.

Ndine bambo wako,
Andrea