Nthula ndi dzino la bambo a Tisa

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Lero ndapsa mtima tsiku lonse.

Bambo a Tisa atupa tsaya mpaka diso likuchita kutsinzina, thupi likutentha, ngakhale phala lawakanika kumeza. Ndi dzino lobooka lomwe lija. Ndinayamba kuwauza nthawi yokolola kuti akalionetse kuchipatala ku Sinda, iwo ankangoti lisiya lokha, uku akutafuna nzimbe mbali inayo.

Masana kwabwera mng'ono wawo, alamu anga a Yohane, ati abweretsa mankhwala. Aika njere za nthula pa khasu lotentha, bambo a Tisa n'kumayasamira utsiwo atafunda chitenje changa. Kenako a Yohane andionetsa tinthu toyera m'mbale ya madzi.

"Mwaona alamu? Mphutsi za m'dzino zatuluka. Mawa adzuka bwino."

"Alamu," ndatero ine, "njere mwaotcha nokhazi, zasanduka mphutsi nthawi yanji?"

Angoseka. Akuti akazife vuto lathu n'kusakhulupirira.

Anamwino anatiuza kusikelo kuti dzino limabooka chifukwa cha zotsekemera ndi kusatsuka mkamwa. Anati tsaya likatupa, thupi n'kutentha, ndiye kuti muli mafinya, osagona nazo pakhomo, anthu amafa nazo. Ndiye ine nditsale ndekha ndi ana chifukwa cha khasu ndi nthula?

Ndapangana kale ndi wanjinga yamoto, abwera kukacha kudzatitenga kupita kuchipatala. Nditawauza bambo a Tisa, anafuna kukana monga mwa masiku onse, koma tsopano pakamwa sipakutsegukanso. Akane ndione.