Madzi Aja Anabwerera, Amayi

Amayi, kodi kumene mulikoko mukudzuka bwanji?

Ine ndabwerako kuno ku Dzivarasekwa sabata yatha. Nyumba yanu ilipo, ngakhale denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja. Chimanga cha m'mphepete mwa njanji chapsa ndi dzuwa, ndipo achimwene Yohane akugulitsabe tomato ku Mbare Musika, liuma lawo lili momwe munalisiyira. Koma si izi zandigwiritsa cholembera. Ndili ndi nkhani imene sindinauze munthu, ndipo ikundidya m'kati.

Mwana wanga Tadala, uja amasamalira okalamba ku Scotland, anabereka mwana wamkazi. Anamutcha Enelesi, dzina lanu. Tchuthi chake chitatha, ananditumizira tikiti kuti ndikalere khandalo iye akamapita kuntchito. Ine amene ndimachita chizungulire m'kombi, kaminibasi kopita m'tauni, ndinakwera ndege!

Amakhala m'kamudzi ka asodzi, nyumba zoyera zitandandalika m'mphepete mwa madzi. Nyanja ya mchere inalowa pakati pa mapiri awiri mtunda wautali, ndipo eni ake ali ndi dzina lake limene linandikanika pakhosi. Mumandidziwa, Amayi, sindikhala pansi. Tsiku lililonse ndinkabereka Enelesi ndi chitenje chanu chobiriwira chija n'kumazungulira ndi foni, kujambula maboti, nkhosa zopakidwa utoto pamsana, ngakhale bokosi la makalata. Ndinkatumizira azimayi a kutchalitchi kuti asamati ndikunama.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza madzi atachoka. Maboti anali gonegone pamatope ngati zidakwa za pabhawa. Patali panaoneka chimwala chachikulu, ndipo mchenga unayalika mpaka pomwepo. Ndinati ndikaima pamenepo mudzi wonse ulowa m'chithunzi chimodzi. Polowera panali chikwangwani cholembedwa masiku ndi maola, ine n'kumati ndi nthawi za basi, osadziwa kuti ndi nthawi zimene madzi amachoka ndi kubwerera. Za madziwo sindinade nazo nkhawa. Kwathu kuno madzi akachoka pampopi, si amatha sabata asanabwere? Munkati safunsa anadya phula. Ndinalidyadi.

Pamwalapo ndinajambula mpaka kukhuta. Munali nyama zina m'madzi, mitu yake ngati agalu opanda makutu, ndipo zinandichedwetsa. Pomwe ndimatembenuka, njira ija kunalibe. Madzi anabwera mwakachetechete, osachita phokoso ngati mtsinje wa Mukuvisi ukadzaza, n'kundizungulira kumbuyo. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti ndere za pamwalapo n'zonyowa mpaka pamwamba penipeni. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwala umenewu nawonso umamira.

Amayi, ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Foni inalibe netiweki. Kusambira sindidziwa, chifukwa chimwalirire mlongo wanga Lameki m'madzi a m'dzenje la miyala lija, inu simunatilolenso kuponda ngakhale m'ngalande. Ndinakumbukira mmene munalirira tsiku limenelo, ndipo ndinaona Tadala akulira chimodzimodzi, wopalamula ndili ine mayi ake. Kumbuyoku Enelesi anali m'tulo, mpweya wake ukundifunditsa khosi.

Ndinamumasula, ndinamukweza paphewa, foni n'kuilowetsa m'duku. Kenako ndinalowa. Madzi ake ozizira ngati akudula ndi mpeni. Anafika m'maondo, m'chiuno, mpaka pachifuwa, akundikankhira cham'mbali. Mwana anadzuka n'kuyamba kukuwa. Ndinkaitana dzina lake, kapena lanu, sindikudziwa.

Kumtunda kunali bambo wina wokalamba ndi galu wake. Ankakuwa akuloza kumanzere, ndipo ngakhale Chingerezi chawo sindinkachimva, dzanjalo ndinalimva. Kumene ndinkaloweraku kunali dzenje. Bambowo analowa m'madzi ndi zovala zomwe, nanditenga mwanayo, ine n'kugwira jekete lawo mpaka kumtunda. Akazi awo anatifunditsa mabulangete, natipatsa tiyi. Enelesi anangonyowa timiyendo. Ine mano ali gwedegwede ndinawachonderera kuti asamuuze Tadala, ndipo anavomera monyinyirika.

Tsono imvani chimene chikundisowetsa mtendere. Tadala anachiona chithunzi cha pamwala paja n'kuchikonda. Anakachitsukitsa, nachipachika pabalaza. Atandifunsa kuti ndinaima pati, ndinati padoko. Ndinanama, Amayi, nkhope ili gwa. Dzulo wandiimbira foni, akuti Enelesi akayamba kuyenda adzapita naye kukafuna malo omwewo kuti adzamujambulepo. Akutinso ndibwerere chaka chamawa, poti palibe wina amene angamukhulupirire ndi mwana wake. Iyeyo amachoka m'mawa n'kubwera kutada, nyanjayo amangoionera pawindo la basi. Nanga akapita yekha?

Ndimaopa kuti ndikaulula sadzandipatsanso mwanayo kuti ndimubereke. Koma inu munaika kale mwana mmodzi m'manda chifukwa cha madzi, ndipo munkatiuza kuti madzi saiwala khwawa. Ndinkayesa mukunena za anthu obwerera ku makhalidwe awo akale. Ine madziwo ndawaona ndi maso akubwerera.

Chitenje chanu ndachichapa kawiri, koma mzere woyera wa mchere sukuchoka. Ndachiyala pabedi pano. Ndikukulonjezani kuti Lamlungu tikangotuluka m'tchalitchi ndimuimbira Tadala, ndimuuze zonse, ndi za chikwangwani chomwe. Akakwiya akwiye, akandimana mdzukulu andimane. Bola Enelesi mmodzi akhale kuno kwa amoyo, poti winayo ali kale kumeneko, ndiye inu nomwe.

Mundiperekere moni kwa Lameki. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Agnesi