Ndinasandutsa kupuma kukhala chilango

Aphungu,

Lachiwiri pa 9 mwezi wathawu aphunzitsi a mwana wanga anandiitanitsa kusukulu. Mwanayo ndi wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, timamutcha Kanyerere poti sakhala pansi. M'kalasi mwawo asanayambe kuphunzira ana onse amaimirira, kutambasula manja pang'onopang'ono, kenaka n'kukhala phee dzanja lili pamimba, kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Akuti wanga ndiye ankazikonda kuposa onse, koma tsopano akangomva zoti tiyeni tipume, misozi mbwembwembwe.

Wayambitsa ndine. Nditaona kuti zimam'khazika pansi, ndinati chida ndachipeza. Akalumpha pampando, akasokosa, ndinkangoti, "Pita pakona ukapume." Aphunzitsi anandifunsa kuti, "Nanga inuyo bambo, munapumako naye?" Ndinavomera kuti ayi.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndimakonza njinga, ndiye mantha anga ndi akuti mwana wosakhazikikayu adzathera pomwe ndathera ine. Koma chichokereni kusukuluko ndikungokumbuka malemu bambo anga. Anali kalipentala. Akapala thabwa ankandiitana, "Iwe, tsinzina. Yendetsa dzanja. Pakukhakhala ndi pati?" Ndinkayendetsa chikhatho thabwa lonse, fungo la utuchi lili m'mphuno, iwo ali duu kumbuyo kwanga, osandifulumiza. Mtendere ngati umene uja sindinauonenso. Kanyerere nayenso kale ankagona pachifuwa panga ndikaweruka, malaya ali girisi yekhayekha, iye osasamala. Lero ndikangolowa amathawira kwa mayi ake. Ndim'bweze bwanji?

B.K.

A B.K.,

Mwana wanu sakudana ndi kupuma, akuopa pakona paja. Mwatenga chinthu chimene chinkamusangalatsa n'kuchipachika pamsomali wa chikwapu. Mwalakwitsa, inde, koma zimenezi zimakonzeka kuposa njinga zina zimene anthu amakubweretserani.

Yambani ndi kupepesa. Gwadani kuti maso anu alingane ndi ake, mumuuze kuti pakona paja patsekedwa. Mukatero m'pempheni akuphunzitseni zakusukuluzo, mphunzitsi akhale iye. Mukatambasula manja mokhota akusekani, ndipo m'siyeni aseke. Sankhani nthawi imene nonse muli bwino, monga m'mawa asanavale yunifolomu. Mphindi ziwiri zakwana.

Musamadzipeputse ndi za sukulu. Zimene ankachita bambo anu pathabwa paja ndi zomwezi, kungoti zinalibe dzina. Loweruka m'tengeni kuntchito kwanu. Gadabuzani njinga, azungulitse tayala, nonse muliyang'ane osayankhula mpaka liime lokha. Tsiku lina atsinzine, apapase masipoko, akuuzeni yomwe yakhwepa. Akatopa, basi zatha, apite akathamange.

Aphunzitsi auzeninso kuti kwa masiku angapo asam'kakamize. Azingokhala n'kumaonerera anzake, alowa yekha.

Koma samalani. Izi si mankhwala ochotsera kulumpha, ndipo mwana wolumpha si mwana wolephera. Mukamayembekezera kuti pofika mwezi wamawa akhale wofatsa, adzazindikira msanga kuti chilango chija changosintha malaya, ndipo kachiwiri sadzakukhulupiriraninso. Tsiku limene wakupsetsani mtima, woyenera kukapuma ndinu. Tulukani pakhonde, dzanja pamimba, chitseko musatseke kuti akuoneni.

Aphungu