Phazi Lopondera Buleki

Ethelbert, Manitoba
9 Sepitembala

Wokondedwa mwana wanga Lesia,

Akundilembera kalatayi ndi Mai Kostiuk oyandikana nawo nyumba, poti ukudziwa kuti ine ndi cholembera sitigwirizana. Ndawauza alembe momwe ndikunenera, asakometse. Pa foni sindikanatha, iwe umandidula mawu.

Njuchi zachita bwino chaka chino. Ndakusungira zidebe ziwiri za uchi.

Pa Pasaka unanena kuti tsiku limene ndidzalephere kuyendetsa galimoto, ndidzasiya famu n'kusamukira kwa iwe ku Winnipeg. Mawu amenewo sanandichoke mumtima. N'chifukwa chake sindinakuuze kuti chinyamulireni mng'oma wodzaza mu Julayi, msana ukundipweteka, ndipo ululu umatsika ndi mwendo wakumanja mpaka kuchala chachikulu.

Lachiwiri ndinapita kwa dokotala ku Dauphin, mayi wa msinkhu wako. Ine ndinkangofuna mapiritsi. Iye anandigoneka chagada n'kuyamba kukweza mwendo wanga uli chiwongokere, pang'onopang'ono.

"Mukamva kupweteka munene, bambo."

Mwendo usanapite patali, moto unayaka kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi. Ndinaluma mano.

"Palibe," ndinatero.

"Nanga thukutali?"

"Muno mukutentha, mayi."

Anandigogoda bondo ndi kanyundo, mwendo n'kudumpha bwinobwino, ine n'kuyamba kudzimva. Kenako anatenga kasingano, nati nditsinzine, ndizinena ndikamva kubaya pamwamba pa phazi. Ndinati, "Ine njuchi zandiluma zaka makumi asanu, kasingano kanu n'kachiyani?" Koma Lesia, sindinkamva kanthu. Ndinkangowerenga chamumtima n'kumati, "Ndamva. Ndamvanso. Apo ndamva."

"Bambo Orest, tatsegulani maso."

Anali ataima pazenera uko, manja ali m'matumba.

Sanandiseke, ndipo bola akanaseka. Anagwira chala chachikulu nati ndichikankhire m'mwamba. Chala sichinamvere. Anati ndiyende ndi zidendene mpaka pachitseko. Lakumanzere linayenda, lakumanja linangoti phwa pansi ngati si langa. Anati mtsempha wina wapanikizika pamene umatulukira m'munsi mwa msana, ndipo tikachedwa phazi lingakhale choncho mpaka kalekale. Ndiye anandiyang'ana m'maso.

"Buleki mumaponda ndi phazi liti?"

Apa Mai Kostiuk aika cholembera pansi. Akuti, "A Orest, mukapanda kunena nokha, ndilemba ndekha, ndipo simudziwa chimene ndalemba." Chabwino. Chipata cha kumunda chimene ndinakuuza kuti chinagwa ndi mphepo, ndinachigunda ndine ndi galimoto. Phazi linakana kunyamuka kuti lifike pa buleki. Ndinali nditangodutsa kumene pasukulu, ana akusewera pabwalo. Sindinauze munthu, ndipo ndinayendetsanso masabata atatu. Tsopano makiyi ali m'chikwama cha Mai Kostiuk, ndinapereka ndekha, sanachite kundilanda. Zimenezo alembe bwino.

Pa 23 akufuna akandijambule msana ku Brandon. Ndinamufunsa dokotala ngati phazi lidzabwerere mwakale. Anati mwina, mwinanso ayi. Ndinati, "Mwa ziwirizo chachikulu n'chiti?" Anati sanganene asanaone zithunzi. M'mawa uliwonse ndimakhala pamphepete pa bedi n'kumachiuza chala chija kuti chidzuke. Lero chinangogwedezeka pang'ono, kapena ndi maso anga. Ming'oma iyenera kukutidwa chisanu chisanagwe, ndipo sindikudziwa kuti adzaikutira ndani.

Sindinazolowere kupempha, mwana wanga, koma ubwere udzandiperekeze. Ndili ndi mantha. Ubwere ndi chikwama chako chokha, makatoni olongedzera katundu uwasiye. Tiyambe tamva zimene zithunzizo zinene.

Moni kwa mkamwini wanga Gord. Ndamva kuti wapaka penti chipinda chapansi chija chimene mukundikonzera. Umuthokoze kwambiri, koma umuuze asafulumire kuikamo bedi.

Ndine bambo ako,
Orest