Tizikhomo ta m'Boti la Bambo

Okondedwa bambo aang'ono a Nickson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nampulako pamodzi ndi mayi aang'ono. Kuno ku Phalombe tikudzuka ndithu, chinangwa chachita bwino, ndipo madzi abwerera m'nyanja ya Chilwa.

Ndili ndi funso. Boti limene munakhoma ndi bambo lija lawola thabwa limodzi la pansi, ndiye ndikusema lina ndekha. Musaseke. Ndinacheketsa mbawa, ndinaika thabwa lakale pamwamba n'kulemba ndi khala, tsopano ndikupala ndi kasemasema. Koma pochotsa lakalelo sindinapeze msomali ngakhale umodzi. Munaligwiritsa ndi tizikhomo tamtengo, ndipo tonse munatikhoma mopendeka. Chifukwa chiyani? Misomali inkasowa nthawi imeneyo, kapena munkaopa dzimbiri? Nanga tizikhomoto ndi mtengo wanji? Ndatinunkhiza, ndatiluma, koma sindikuuzindikira.

Dzulo nditatenga misomali, bambo anagogoda ndodo pansi mpaka ndinaibweza. Nditawafunsa anayesetsa kundifotokozera, koma mawu awo masiku ano sakutuluka bwinobwino. Amangokhala pakhonde n'kumandiyang'ana, dzanja lamanja lili pamwendo pomwe amayi alisiya. Amayi anati ndisakulembereni zambiri, akuti nanunso muli ndi zanu.

Ndiye ine ndangofunsa za tizikhomo basi. Mukhoza kundiyankha pa foni. Kungoti zopendekazi n'zovuta kuzimva ndi khutu. Zikanakhala bwino mutabwera kudzandionetsa ndi manja, bambo akadali pakhondepo kuti aone ngati takhoza.

Ndine mwana wanu,
Felista